Zimene Tinaona m'Nyumba Nambala 394 ku Chilenje

Amayi anzanga, nyengo yogulitsa fodya, mtedza ndi soya ikatha, m'midzi yathu muno mwa Kapondo mumayamba kufuka utsi wa mauvuni a njerwa. Abambo amayeza malo ndi chingwe, mmisiri amakumba maziko, koma mayi amene adzakhale m'nyumbayo usana ndi usiku amangoitanidwa kuti adzatunge madzi. Nkhani yathu sabata ino ndi imeneyi, ngakhale ndiyambira nayo kutali, ku Lusaka.

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha, amayi asanu ndi mmodzi a gulu lathu tinaperekeza mnzathu ku ukwati wa mwana wake mumzindawo. Tinadzera ku Mkanda ndi pa boma la Mchinji, n'kudutsa malire pa Mwami. Kuchokera ku Chipata tinayenda pa basi tsiku lathunthu, mtunda wa makilomita oposa 500, kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa. Ukwati utatha, alamu ake a mnzathuyo, omwe ndi aphunzitsi, anatiletsa kubwerera tisanaone nyumba ina ya ku Chilenje.

Chilenje ndi imodzi mwa malokeshoni amene boma la atsamunda linamangira antchito achikuda, Lusaka atasanduka likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Nyumba zake zinkamangidwa m'mizere, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo iliyonse inkadziwika ndi nambala. Mu nambala 394 ndimo munkakhala Dr Kenneth Kaunda ndi akazi awo, Mayi Betty Kaunda, kuyambira Januwale 1960, a Kaunda atangotuluka m'ndende, kufikira Disembala 1962. Kwa ife a Kaunda si alendo kwenikweni, pakuti bambo awo, David Kaunda, anali a kuno kwathu, ndipo anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukagwira ntchito ku Chinsali. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo mu 1968 nyumbayi inaikidwa m'gulu la malo otetezedwa a fuko.

M'nyumbamo muli zipinda zogona ziwiri, pabalaza ndi kakhitchini. Mipando ndi ziwiya zinasungidwa monga zinalili m'masiku amenewo. Nyumba yoyandikana nayo, nambala 395, ikusunga zithunzi zoonetsa m'mene mzinda wa Lusaka unakulira ndiponso m'mene nkhondo yomenyera ufulu inayendera. Pabwalo pali galimoto ya Land Rover imene a Kaunda ankayendera pokachititsa misonkhano.

Abambo amene tinawapeza kumeneko anachedwa pa galimoto ija, koma ife miyendo inatikokera kukhitchini. Mayi wamkulu wa gulu lathu anaima pakhomo, nayang'ana uku ndi uku, nati, "Ana inu, mnzathuyu ankawaphikira pati alendo onse aja?" Tonse tinakhala chete. Muno munali banja la ana angapo, ndipo muno momwemo ndimo munkafikira anthu a chipani kudzapangana za ufulu wa dziko. Tinaganizira za mayi wolandira anthu otere m'kanyumba kopanikiza, ndipo ulemu wathu pa Mayi Betty unakula.

Chimene chinatidabwitsa n'chakuti wojambula pulani ya nyumbazi anaiwala moyo wa banja la kwathu kuno. Mtondo ukhala pati? Apongozi akabwera agona kuti? Anyamata ndi atsikana akasinkhuka asiyanitsidwa bwanji? Kumudzi makolo athu anali ndi yankho: mnyamata akakula ankapita kugowelo, atsikana kukuka kwa agogo, chimanga m'nkhokwe, ndipo khomo linkakula pamodzi ndi banja. Nyumba ya nambala siikula. Banja ndilo limadzipinda kuti likwanemo.

Tili pamthunzi, aphunzitsi aja anatiuza kuti vutoli si la ku Africa kokha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ku Germany kunali kusowa kwa nyumba, ndipo akatswiri anayamba kumanga nyumba zopanda zokongoletsa, za mazenera aakulu olowetsa dzuwa ndi mpweya. Zina mwa izo, zomangidwa mu 1927 pamalo otchedwa Weissenhof mumzinda wa Stuttgart, zikutetezedwa mpaka lero. Imodzi, yojambulidwa ndi Le Corbusier, inasanduka nyumba yoonetseramo luso la zomangamanga, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2016. Ku Frankfurt nako, mu 1926, mayi wina wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, anawerengera mapazi ndi nthawi imene mayi amataya pophika, nakonza khitchini yoti chilichonse chikhale pafupi ndi dzanja. Makhitchini otere anamangidwa pafupifupi 10,000. Komabe pambuyo pake amayi ena anadandaula kuti munkakwana munthu mmodzi yekha, ndipo wophika sankatha kuona ana ake. Ngati katswiri wophunzira chotero anaphonya zina, nanga mmisiri wathu amene sanagwirepo mthiko angadziwe bwanji popanda kutifunsa?

Choncho amayi anzanga, njerwa zikapsa chaka chino, musadikire kuti khoma lifike m'chiuno. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba madzulo, mitima ili m'malo, muwapemphe mwaulemu kuti mujambule limodzi nyumbayo pansi ndi kamtengo, maziko asanakumbidwe. Lowani m'mizereyo muone ngati mphasa, mtsuko ndi matumba a chimanga zikwanamo. Pemphani kuti khitchini imangidwe nthawi yomweyo, isakhale chisakasa cha njerwa zotsala, ndipo ikhale ndi zenera kapena potulukira utsi, pakuti utsi wa nkhuni umawononga maso ndi chifuwa cha mayi pamodzi ndi mwana wa kumsana. Khonde likhale lotakata loti n'kusendera mtedza mvula ikugwa. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, patali mamita osachepera 30. Siyaninso malo mbali imodzi oti mudzawonjezere chipinda ana akakula.

Ena adzanena kuti kumanga ndi nkhani ya amuna. Musakangane nawo, ingowakumbutsani mawu a akuluakulu akuti mutu umodzi susenza denga. Mnzathu mmodzi wa pa ulendo uja anachita zimenezi atabwerako. Amuna ake anayamba aseka, koma tsopano khitchini yake ili ndi mazenera awiri, ndipo Lachitatu likudzali gulu lathu likakumana kumeneko kuti tikaione. Amene mukuumba njerwa chaka chino, bwerani.