Misozi ndi Mtendere: Mankhwala Asanu a Chisoni

Pa maliro ambiri pamamveka mawu ouza anamfedwa kuti aleke kulira, ngati kuti misozi ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Ife amene tapatsidwa udindo wotonthoza nkhosa za Ambuye tiyenera kufunsa bwino: kodi mtendere umabwerera motani mumtima wa munthu woferedwa?

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adalisanthula funsoli m'buku lake la Summa Theologiae, ndipo adatchula mankhwala asanu a chisoni: chinthu chokondweretsa mtima, misozi, chifundo cha abwenzi, kusinkhasinkha za choona, ndiponso tulo ndi kusamba. Tizindikire kuti mphunzitsi wozama chotere sadanyoze thupi, pakuti munthu ndi mzimu ndi thupi pamodzi, ndipo chisoni chimalemetsa zonse ziwiri.

Kunena za misozi, maganizo ake ngakuti chowawa chikatsekeredwa m'kati chimapweteka koposa, chifukwa mzimu wonse umangoyang'ana pa icho; chikatuluka, mzimu umapeza popumira. Augustine Woyera adaziona yekha zimenezi pamene amai ake, Monica, adamwalira ku Ostia m'chaka cha 387. Adadziletsa kulira pa maliro, adakasamba poyesa kuti chisoni chichoka, koma osaphula kanthu. Mtima wake udapepuka atagona tulo, nadzuka, nalira yekha pamaso pa Mulungu.

Kunena za abwenzi, Aquinas akuphunzitsa kuti katundu wosenzerana amapepuka, ndipo wolira akaona ena akulira naye amadziwa kuti ngokondedwa. Makolo athu adanena zomwezo mwachidule: maliro n'kulirana. Kugona pa siwa, kupepesa, kuphikira anamfedwa, kumeta, ndi kumanga chiliza patapita nthawi, zonsezi zimapatsa chisoni nyengo zake ndi malire ake, kuti munthu abwerere pang'onopang'ono kumunda ndi kubwalo.

Kusinkhasinkha za choona ndiwo mankhwala ozama kopambana, koma ali ndi nthawi yake. Choona cha kuuka kwa akufa sichimveka bwino m'khutu la mai amene sadagone kapena kudya masiku atatu. Ambuye Yesu adayamba alira pa manda a Lazaro asanamuitane kuti atuluke.

Tsono ntchito yathu yaikulu imayamba anthu akabalalika pa siwa, pamene nyumba yatsala zii. Apo mpamene mphakati uyenera kuyendera wamasiye, ndi wansembe kutchula dzina la womwalira pa nsembe ya Misa, makamaka pa 2 Novembala. Mtendere wachikhristu sindiwo kuiwala amene adatisiya ai. Ndiwo kutha kumkumbukira mwachikondi, kumpempherera, ndi kunyamulanso khasu m'mawa.