TB Idatha, Chifuwa Chikadalipo: Mpeni Kapena Mankhwala?

Chiperoni chikakuta minda ya tiyi kwa Changata, chifuwa chimamveka mwini wake asanaonekere m'nkhungumo. Ena mwa otsokomolawo adamwa mankhwala a TB kwa miyezi 6, achipatala n'kuwauza kuti achira. Koma kukacha makhololo achikasu amangotuluka, ndipo pokwera chitunda ndi dengu la masamba kumsana, phuma limawapeza.

Kawirikawiri si TB yabwerera ayi, ndi mabala omwe idasiya. Madokotala amati bronchiectasis. Timachubu ta mpweya m'mapapo timatanuka n'kusanduka timatumba, makhololo amadikha momwemo, tizilombo n'kuswana, chubu n'kuwonongekerabe. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, yemwe adatuluka mu 2020, adatsatira anthu 405 ongomaliza mankhwala a TB. Mwa ojambulidwa ndi makina a CT, 44 pa 100 alionse adapezeka ndi vutoli.

Wodwala akatopa amafunsa kuti bwanji osangodulapo powolapo. Zimatheka. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri, ndipo dokotala angachotse chimodzi munthu n'kupumabe bwino. Koma opaleshoni imathandiza pokhapokha nthendayo itaunjikana malo amodzi, mankhwala atalephera, kapena munthu akutsokomola magazi ambiri. TB siisankha chotero. Imakonda kulasa mbali zonse, ndipo phapo lomwe idadutsamo limamatirira kunthiti, kotero kulidula kumataya magazi ambiri. Ukachotsa chigawo chimodzi zotsalazo zili zodwala, wangomuchepetsera munthu mpweya.

Kwa ambiri, thandizo lenileni ndi lija looneka lachabechabe: kukhuthula makhololo tsiku lililonse. Wodwala amagona chammbali, mbali yodwalayo ili kumwamba, n'kupuma mozama kangapo, kenako n'kutulutsa mpweya mwamphamvu kukamwa kuli yasa, ngati akuuzira nthunzi pagalasi. Makhololo akachuluka, kusintha mtundu kapena thupi likatentha, amafunika maantibayotiki, nthawi zambiri kwa masiku 14. Fodya ndi utsi wa nkhuni m'khitchini mopanda zenera zimabweza zonsezi m'mbuyo, ngakhale kunena kuti azipewe n'kosavuta kusiyana ndi kupeza pophikira pena mvula ikugwa.

Asanayambenso mankhwala a TB, makhololo ayezedwe, ndipo wodwala anene kuti adamwapo kale, chifukwa makina oyezera TB a GeneXpert amatha kuona tizilombo takufa. Magazi akatuluka ochuluka kuposa timizere m'makhololo, ulendo wa kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo ndi wa tsiku lomwelo.