Kulondola Nyama Yolasidwa

Mfuti ikalira m'thengo, ntchito ya mlenje imakhala itangoyamba kumene. Si kawirikawiri kuti nyama igwe pomwe yalasidwirapo, ndipo ngakhale mbawala yoomberedwa pamtima imatha kuthamanga mtunda ndithu isanagwe. Tsono mlenje wodziwa ntchito yake sathamangira kulondola. Amayamba waima chilili, kuyang'anitsitsa mtengo kapena chulu pamene nyamayo inaima, ndi chitsamba chimene yalowera, pakuti m'tchire malo amafanana ndipo maso sachedwa kusokonezeka.

Akafika pamalopo amawerenga magazi monga momwe munthu awerengera kalata. Magazi ofiira kwambiri, okhala ndi thovu, amasonyeza kuti chipolopolo chapyola m'mapapo, ndipo nyama yotere siipita patali. Magazi oderapo amachokera kuchiwindi. Koma akakhala ochepa, onunkha, osakanikirana ndi udzu wosagayika, ndiye kuti chalowa m'mimba, ndipo limenelo ndilo bala lovutitsa, chifukwa nyama imakhala ndi moyo maola ambiri ikumva ululu. Msinkhu umene magazi apaka pa tsekera umauza mlenje ngati bala lili pamwendo kapena paphewa. Akapaka mbali zonse ziwiri za njira, chipolopolo chatulukira kwinako.

Apa m'pamene pafunika kudekha. Nyama yolasidwa ikasiyidwa imafuna mthunzi kapena madzi, nkugona, ndipo thupi limalefuka. Ikathamangitsidwa msanga imadzuka nkuthawa ndi mphamvu zamantha, magazi nkuleka kudontha, mlenje nkutsala m'manja muli zii. Pa bala la m'mapapo theka la ola likwanira. Pa bala la m'mimba afunika kudikira maola angapo. Komabe kudera lotentha monga kuchigwa cha Shire kudikira kuli ndi malire ake, popeza nyama siichedwa kuwonongeka, ndipo afisi ndi miimba sadikira munthu.

Polondola, mlenje amayenda m'mbali mwa mapazi kuti asafafanize zizindikiro. Magazi akasowa amaika chizindikiro pamene anawaona komaliza, nkuzungulira pang'onopang'ono kufuna udzu wopindika, mwala wotembenuzika, kapena phazi lokokedwa. Nyama yovulala kwambiri kawirikawiri imapatuka pagulu la zinzake. Ntchitoyi imayenda bwino pakakhala anthu awiri: wina maso pansi, wina maso kutsogolo mfuti ili m'manja.

Wachiwiriyu ndiye amapulumutsa moyo pamene nyamayo ili njati. Njati yamphongo imatha kulemera makilogalamu opitirira 600, ndipo ikalasidwa imalowa m'chitsamba chowirira, nkuima phee itayang'ana kumene yachokera. Wolondola akangoweramira pansi amadzidzimuka itafika kale. Nyalugwe wovulala amabisala pamalo pamene munthu sangaganizire. Ngakhale mbawala, yooneka yofatsa ija, yaphapo agalu ndi nyanga zake, ndipo nguluwe imang'amba mwendo ndi mano. Nchifukwa chake dzuwa likalowa alenje anzeru amabwerera, nkudzayambiranso m'mamawa. Akaipeza itagona amaifikira chakumbuyo; maso a nyama yakufa amakhala otsegula, choncho yotsinzina iyenera kukayikiridwa.

Nkhaniyi ikhudzanso anthu amene sanagwirepo mfuti. Njati kapena mvuu yosiyidwa ndi bala, kaya la gogodela kaya la msampha wa waya, imasanduka yolusa, ndipo amene amakumana nayo ndi mayi wotola nkhuni kapena mwana woweta ng'ombe. Lamulo la Malaŵi loteteza nyama zakuthengo, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndi kukonzedwanso mu 2017, sililola kusaka popanda chiphaso, ndipo m'nkhalango zotetezedwa monga Kasungu, Liwonde ndi Lengwe munthu wamba saloledwa kulowamo ndi cholinga chosaka. Lamulo lomwelo limafuna kuti wolasa nyama yoopsa, ikamuthawa, akanene msanga kwa akuluakulu oyang'anira nyama. Mudzi umene waona nyama yotsimphina kapena yokha magazi pafupi ndi minda uyenera kudziwitsa mfumu ndi alonda a nkhalango, ndipo ana asapite kudambo kufikira itapezeka.