Venice: kumene ngakhale maliro amayenda pa boti

Galimoto zimathera pa Piazzale Roma. Ukatsika basi pamenepo, usayembekezenso kumva hutala kapena belu la njinga, chifukwa kulowa mkati mwa Venice ndi wapansi kapena pamadzi basi. Ine ndinafika m'mamawa, ndipo choyamba kuona sichinali tchalitchi kapena nyumba yachifumu ayi. Linali boti lodzaza ndi makatoni a zakumwa, matumba a ufa ndi firiji yatsopano, anyamata awiri akuponyerana katunduyo kumtunda. Posakhalitsa kunadutsa boti la ambulansi likuliza sayirini, mafunde ake n'kumamenya makoma a nyumba. Kuno ngakhale maliro amanyamulidwa pa boti kupita kumanda a pachilumba cha San Michele.

Mzindawu uli kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Italy, m'thamanda lalikulu la madzi amchere m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic. Unamangidwa pa tizilumba toposa 100 tolumikizidwa ndi milatho pafupifupi 400. Msewu waukulu ndi Canal Grande, ngalande yokhotakhota ngati njoka, yotalika pafupifupi makilomita 4. M'menemo mumayenda vaporetto, boti lomwe limaima siteji ndi siteji ngati minibasi, kungoti palibe woitanira.

Alendo ambiri amayenda maso ali m'mwamba. Ine chinandigwira mtima chili pansi. Kodi nyumba zamiyala zolemera chonchi zaima bwanji pamatope zaka mazanamazana? Amisiri akale ankakhomerera mitengo m'matopemo mothithikana, n'kuyala matabwa pamwamba pake, kenako mwala woyera wa ku Istria umene sumwa madzi, ndiyeno njerwa. Mtengo wokwiririka m'matope momwe mulibe mpweya suola msanga. Choncho ukamayenda mu Venice ukuponda nkhalango yathunthu imene sudzaiona.

Chinanso chimene anthu amangochidutsa ndi zitsime. Pafupifupi pabwalo lililonse pali chitsime chamwala, chozokotedwa bwino, chovindikiridwa ndi chitsulo. Ndinakhala m'mbali mwa chimodzi ndikudya buledi, n'kuona kuti chapafupi pali miyala yobooledwa timabowo. Nkhani yake ndi iyi: anthu okhala pakati pa madzi analibe madzi akumwa. Ankakumba dzenje lalikulu pansi pa bwalo, kulimata ndi dongo, kulidzaza mchenga, ndipo mvula inkalowa pa timabowo tija, kusefeka mumchengamo, n'kudikha pansi pa chitsime. Madzi a m'mipope anafika mumzindawu mu 1884. Kwa ine, nzeru imeneyi iposa golide yense wa m'matchalitchi.

Golideyo aliko ndithu. Mkati mwa tchalitchi cha San Marco denga limanyezimira mpaka khosi kuwawa. Tchalitchichi chili ndi chiyambi cha ku Africa: mu 828 amalonda a ku Venice anatenga mafupa amene ankakhulupirira kuti ndi a Marko Woyera ku Alexandria, ku Egypt, ndipo nkhani imati anawabisa pansi pa nyama ya nkhumba kuti alonda achisilamu asafufuze. Akavalo anayi amkuwa a pa tchalitchichi analandidwa ku Constantinople mu 1204. Tinene zoona, chuma cha mzindawu chinabwera ndi malonda a mchere, tsabola ndi nsalu, koma chala chinalinso chachitali. Venice inali dziko palokha, lotsogoleredwa ndi mkulu wotchedwa doge, mpaka Napoleon anathetsa ulamulirowo mu 1797.

Za gondola aliyense anazionapo pazithunzi. Chimene chithunzi sichionetsa n'chakuti bwatoli ndi lopendekera dala: mbali imodzi ndi yotakata kuposa inzake, kuti munthu mmodzi wopalasa ndi nkhafi imodzi, ataimirira kumbuyo, aliyendetse mowongoka. Ku San Trovaso kudakali malo amene amisiri amakonza mabwatowa pamanja, ndipo ukaima tsidya lina la ngalande umawaona akupala matabwa. Mtengo wokwera gondola unandibweza. Ndinakwera traghetto, bwato longa lomwelo lomwe limangoolotsa anthu pa Canal Grande ndi mayuro 2. Ulendo wa mphindi ziwiri, koma mawondo ananjenjemera.

Madzi amene analemeretsa Venice ndi omwenso akuidya. Yang'anani m'munsi mwa makoma: njerwa zafumbutuka ngati chigumu, chifukwa madzi amchere akakwera kupitirira mwala wa ku Istria uja, mchere umalowa m'njerwa n'kuziphwanya. Madzi akakwera chonchi, eni mzinda amati acqua alta, kutanthauza madzi okwera. Pa 4 November 1966 anafika masentimita 194, ndipo pa 12 November 2019 anafika 187, n'kusefukira mu San Marco. Tsopano pali zitseko 78 zachitsulo, zotchedwa MOSE, zimene zimagona pansi pa madzi pamakomo atatu a thamandalo ndipo zimadzutsidwa nyanja ikakwiya. Zinayamba kuteteza mzindawu mu October 2020, patapita zaka zambiri za kuchedwa ndi milandu ya ziphuphu.

Koma pali chigumula china chimene zitsekozo sizingatseke. Masana pa mlatho wa Rialto, umene unamalizidwa mu 1591, sungaponye phazi momwe ukufunira. Khamu ndi limene limakuyendetsa. Boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu za alendo kudutsa pakati pa mzindawu mu 2021, ndipo mu 2024 akuluakulu a mzinda anayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa. Pamene alendo akuchuluka, eni mudzi akutha. Mu 1951 mkati mwa mzinda wakalewu munkakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 anatsika kufika pansi pa 50,000. Nyumba zasanduka malo ogona alendo, lendi yakwera, mabanja asamukira ku Mestre kumtunda. Nanenso, ndi chikwama changa chamateyala chogogoda pamiyala, ndinali dontho la chigumulacho.

Madzulo ndinasochera ku Cannaregio, dera limene lidakali ndi zovala zoyanikidwa pa zingwe pakati pa nyumba. Mapu a pa foni ankandiuza kuti ndipite kutsogolo, koma kutsogoloko kunali madzi. Ndikubwerera, ndinapeza mayi wachikulire ali m'munsi mwa mlatho ndi kangolo kake kogulira zinthu, akukakweza sitepe imodziimodzi, kupuma, n'kuyambanso. Ndinagwira mbali ina, tinaoloka. Anandithokoza m'chilankhulo chawo, n'kundilozera njira ya ku siteshoni ya Santa Lucia. Iwo anakhotera m'kanjira kopapatiza, komwe pa mazenera onse a nyumba yosanja katatu, limodzi lokha ndi limene linkayaka nyali.