Kodi mtima woonongeka ungaikidwe cigamba?

Ambiri a ife timaidziwa njira ya ku National Heart Hospital, cipatala ca mtima cimene cili m'boma lathu lino la Chongwe, kufupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Ena tinapitako kukazonda odwala, ena tinagonako. Madokotala kumeneko amacita maopaleshoni aakulu a mtima. Koma pali nchito imodzi imene mpeni wa dokotala sungathe: kudzutsa mnofu wa mtima umene wafa.

Mtima ndi mnofu, ndipo uli ndi mitsempha yakeyake yoadyetsa magazi maselo ake, tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi. Mtsempha umodzi ukatsekeka, mnofu wa pamalopo umasowa mpweya n'kufa, ndipo maselo ofika 1 biliyoni angatayike. Khungu likacekeka limamera lina, koma mtima umangoika cipsera, ndipo cipsera sicigunda. Mu 2009, akatswiri a ku Karolinska Institute ku Sweden anapeza kuti munthu wa zaka 25 amapanga maselo atsopano a mtima pafupifupi 1 pa 100 aliwonse pa caka, ndipo akakalamba ciwerengeroci cimatsika. Mnofu wotsala umagwira nchito ya awiri mpaka kutopa. N'cifukwa cake wodwala amatupa miyendo, amacita befu pa kamtunda kakang'ono, ndipo usiku amagona cokhala.

Akatswiri ayesa njira ziwiri. Yoyamba ndi kubaya maselo mu mtima. Kuyambira ca m'ma 2001 anayesa maselo a m'mafuta a m'mafupa a wodwala mwiniyo, koma phindu linali locepa, cifukwa maselowo sanasanduke mnofu wa mtima.

Zinthu zinasintha pamene Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa mu 2007 kuti selo la khungu la munthu wamkulu lingabwezedwe ku ukhanda, n'kukhala lokhoza kusanduka selo la mtundu wina uliwonse. Analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Kwa Akhristu amene cikumbumtima cimawavuta pa nkhani yotenga maselo ku mluza, njirayi siifuna mluza.

Apa ndi pamene panacokera njira yaciwiri, ya cigamba. Maselo aja amawalera mu labu kufikira atasanduka mnofu umene umagunda wokha m'kambale, kenako amauika pamwamba pa mtima wofooka. Mu Januwale 2020, gulu la Yoshiki Sawa ku Osaka University linacita zimenezi kwa wodwala woyamba. Ku Göttingen m'dziko la Germany, gulu la Wolfram-Hubertus Zimmermann linasokera zigamba pa mtima wa mayi wa zaka 46. Patapita miyezi itatu mayiyo analandira mtima wina, ndipo madokotala atapima mtima wakale uja anapeza maselo a cigamba ali moyo, timitsempha ta magazi titalowamo.

Ngakhale n'tero, ulendo ukali wautali. Poyesa pa anyani, maselo obayidwa anasokoneza kagundidwe ka mtima. Wodwala wolandira maselo a munthu wina ayenera kumwa mankhwala oletsa thupi kuwakana, ndipo mankhwalawo amafooketsa citetezo ca thupi. Odwala amene alandira zigamba akali ocepa kwambiri, ndipo mtengo wake ndi waukulu.

Conco cenjerani ndi ogulitsa maufa ndi makapisozi olembedwa kuti stem cell, kaya pa WhatsApp, kaya panja pa chalichi mapemphero akatha. Selo lomezedwa limagayidwa m'mimba monga nsima, silifika ku mtima. Coopsa koposa ndi cakuti ena akagula zimenezi amasiya mankhwala a BP amene anali kusunga moyo wao.

Popeza mnofu wakufa subwerera, tisamale umene tili nao. Pimitsani BP ndi shuga ku kiliniki, cepetsani mcere, lekani fodya. Mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, mutengereni ku cipatala, cifukwa zilonda za pakhosi zosaciritsidwa zingaononge tizitseko ta mu mtima. Munthu akamva kupanikiza pacifuwa, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuce. Pempherani muli m'galimoto. Tiwakumbukirenso m'mapemphero madokotala ndi manesi athu, pamodzi ndi akatswiri amene akulera zigambazo.