Samalani ndi Fungo la Rezini Pomata Mathanki

Mwezi wa Okotobala chaka chatha ndinali kwa Kasiya kuyendera nazale za fodya. Pakalabu ina ndinapeza thanki ya faibagalasi, imene amatungira madzi pangolo, itang'aluka kunsi, mbande zili lefu ndi dzuwa. Alimiwo anaitana mnyamata wina wa pamsika kuti aimate. Iye anailowetsa m'kanyumba kosungira katundu, natseka chitseko poopa fumbi, n'kupisa mutu m'thankimo akupaka rezini. Lisanathe ola anatuluka akudzandira ngati walawa kachasu, maso ali psuu, akudandaula mutu ndi nseru. Tinamukhazika pamthunzi kufikira atapezako bwino.

Alimi anzanga, chimene chinamugwetsa ulesi mnyamatayo si dzuwa ayi. Rezini wa poliyesitala, guluu wa madzimadzi amene amanyowetsera nsalu ya faibagalasi, amakhala ndi mankhwala otchedwa styrene, kawirikawiri oposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukatsegula chitini mankhwalawa amasanduka nthunzi, ndipo kukatentha amauluka msanga. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, choncho simakwera kudenga ngati utsi, imadikha pansi ndi m'kati mwa thanki. Imayabwa m'maso ndi kukhosi, imachititsa chizungulire, ndipo imayaka moto. M'chaka cha 2018 akatswiri a bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization, anaika styrene m'gulu la mankhwala amene akuganiziridwa kwambiri kuti amayambitsa khansa.

Tsono tingachepetse bwanji nthunziyi? Gwirirani ntchito panja, pamthunzi, m'mamawa kusanatenthe, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Matani chakunja kwa thanki, osalowetsa mutu m'kati. Sakanizani rezini pang'onopang'ono, wongokwanira chigamba chimodzi, ndipo vundikirani chitini nthawi yomweyo. Chigamba chikatha, chiphimbeni ndi pepala la pulasitiki mpaka chiume, pakuti likutsekereza nthunzi yambiri. Pogula ku Lilongwe funsani ngati ali ndi rezini wosatulutsa styrene wambiri.

Mankhwala oumitsira aja, MEKP, amafunika mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu imodzi ya rezini. Ena amathira ambiri pofuna kufulumira. Kutero kumatenthetsa rezini, nthunzi imachuluka, mwina mpaka kufuka utsi. Dontho lake likagwera m'diso lingathe kukuchititsani khungu. Tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Valani magolovesi ndi magalasi. Dziwaninso kuti mpango kapena kansalu kotchinga fumbi sikaletsa nthunzi, koma masiki okhala ndi sefa ya makala. Ndudu ndi mbaula zikhale kutali, ana nawonso.

Musanawononge ndalama, yambani mwaona kuti chang'alukacho n'chopangidwa ndi chiyani. Masipuleya ambiri obereka kumsana ndi mathanki a pulasitiki amapangidwa ndi polyethylene, ndipo rezini sagwira pamenepo. Chigamba chimaoneka cholimba lero, mawa chamatuka, mankhwala a mbozi n'kumakuyendererani pamsana tsiku lonse. Sipuleya yong'aluka thanki isintheni, osaimata.

Kwa inu a fodya pali chinanso. Fodya amakoka fungo la chilichonse chimene chili pafupi. Musamatire thanki m'chigafa kapena mosungira mabelo, chifukwa belo lonunkha rezini, kapena lokhala ndi tizidutswa ta faibagalasi, lingakubwerereni ku okushoni ku Kanengo, thukuta la chaka chonse n'kupita pachabe.

Thanki ya kalabu ija tinaimaliza m'mawa mwake pansi pa mtengo wa mango, mnyamata yemwe uja akumata chakunja. Anapita kwawo ali bwinobwino, ndipo patatha masiku awiri ngolo inayambanso kutunga madzi a ku nazale.