Imelo yopanda mutu ndi mchira: wotumizayo akufuna chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yodabwitsa. Munalibe linki, munalibe pempho la ndalama, munalibe chogulitsa. Munali mizere itatu ya mawu achingerezi osagwirizana, za mtsinje, mpando ndi nyengo, kenaka zilembo zosakanikirana ngati mwana amaseweretsa kiyibodi. Ndinawaonetsa ophunzira anga a Fomu 3 titamaliza phunziro la mafunde, ndipo mtsikana wina anafunsa zomwe nanenso ndinkadzifunsa: "Aphunzitsi, ndiye munthu alembe zimenezi kuti apindule chiyani?"

Choyamba, palibe munthu amene anakhala pansi n'kundilembera ine. Imatumiza ndi pulogalamu, kwa anthu mamiliyoni nthawi imodzi. Mauthenga oterewa amatchedwa spam, ndipo anayamba kalekale: mu 1978 Gary Thuerk, wotsatsa malonda pakampani ya makompyuta ya DEC ku America, anatumiza uthenga umodzi kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti. Anthu anakwiya, koma njira inali itapezeka.

Tiyeni tione masamu ake. Mu 2008 akatswiri a ku University of California analowa mobisa mu Storm, gulu la makompyuta a anthu wamba omwe anagwidwa ndi vairasi n'kumatumiza spam eni ake osadziwa. M'masiku 26, pa maimelo pafupifupi 350 miliyoni otsatsa mankhwala, anthu 28 okha ndi amene anayesa kugula. Gawani nokha: munthu mmodzi pa maimelo oposa 12 miliyoni! Wogulitsa mandasi atakhala ndi makasitomala otere, mawa lomwe atseka. Koma wa spam salipira magetsi kapena bandulo, amalipira ndi eni makompyuta aja. Choncho ngakhale uthenga wooneka wopusa sumuluzitsa kanthu.

Nanga imelo yanga ija, yosagulitsa chilichonse? Apa fizikisi itithandize. Sitima ikafuna kudziwa kuya kwa nyanja imatumiza phokoso pansi pa madzi n'kudikira kuti libwerere. Phokosolo silinena kanthu. Chofunika ndi zomwe zabwerako. Imelo yopanda tanthauzo imagwira ntchito ngati yomweyo. Adiresi ikakhala yakufa, kawirikawiri seva imaibweza imeloyo. Ikapanda kubwerera, ndiye kuti adiresiyo mwina ndi yamoyo. Ena amabisamo kachithunzi kochepetsetsa, kadontho kamodzi kosaoneka ndi maso. Mukatsegula imelo, foni yanu imakatenga kachithunziko ku seva ya wotumiza, ndipo iye amadziwa kuti mwatsegula, komanso nthawi yake. Mukayankha kuti "Ndinu ndani?", basi mwamaliza ntchito yake yonse. Mndandanda wa maadiresi amoyo umagulitsidwa, ndipo umadula kuposa wa maadiresi ongolota.

Mawu osagwirizana aja ali ndi ntchito yawonso. Mu 2002 Paul Graham anafalitsa njira yosefera maimelo pogwiritsa ntchito masamu a Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene anamwalira mu 1761. Sefayo imawerenga mawu ndi kuphunzira kuti ndi ati amapezeka kwambiri mu spam, ndi ati amapezeka m'makalata abwino. Otumiza spam anaganiza zothira mawu osalakwa ambirimbiri kuti oipawo asungunuke, monga muja ena amathirira madzi mumkaka. Zilembo zosakanikirana zija n'zoti imelo iliyonse isiyane ndi inzake, sefa isazindikire kuti ndi uthenga umodzi womwewo. Nthawi zinanso pulogalamu imangosokonekera, n'kutumiza zodzaza zokhazokha itaiwala nyambo. Ine ndikukayikira kuti yanga inali yotere. Nazonso mbava zimalakwitsa homuweki.

Mtundu umene umandisangalatsa kwambiri ndi wa "mwana wa nduna" amene ali ndi madola mamiliyoni ndipo akufuna akaunti yanu. Umatchedwa 419, nambala ya ndime ya malamulo a ku Nigeria yokhudza chinyengo. Nkhani yake n'njosamveka, Chingerezi chake chothyoka. Bwanji osaikonza? Mu 2012 Cormac Herley wa ku Microsoft Research anapereka ganizo loti kupusa kwa uthengawo n'kumene kumauthandiza. Kutumiza n'kwaulere, koma kucheza ndi munthu amene wayankha kumadya masiku. Ochenjera akaseka n'kufufuta, amatsala okhawo osavuta kupusitsa. Ndiye kuti uthengawo pawokha ndi sefa, koma yosefa anthu. Kumbukirani ma SMS aja akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi": ambirife timangoseka, koma amakwana mmodzi amene tsiku limenelo amafunadi kutumizira wina ndalama.

Pali mtundu umodzi woti musauseke. Mukadzuka n'kupeza maimelo mazanamazana alowa usiku umodzi, ambiri okuthokozani polembetsa zinthu zomwe simukuzidziwa, mwina wina akufuna kukwirira uthenga umodzi weniweni, wonena kuti pasiwedi yasinthidwa kapena ndalama zatuluka mu akaunti. Apo musafufute zonse mwaphuma: sakani kaye mauthenga a banki, ndipo muwauze makolo ngati akauntiyo ndi yawo.

Yanga ija sindinaiyankhe. Ndinadina batani lonena kuti ndi spam, zomwe zimaphunzitsa sefa, kenaka ndinalowa mu settings n'kuletsa zithunzi kuti zisamatseguke zokha.